Ma chromis m'thanki ya makorali: kasungidwe kake kuti gulu lisathe mmodzimmodzi

Ma chromis ndi tinsomba ting'onoting'ono ta m'nyanja zamchere tomwe anthu amasunga pagulu m'mathanki a makorali, zamoyo za pansi pa nyanja zooneka ngati miyala kapena nthambi. Ulendo woyamba ndinagula ma chromis 7. Patatha miyezi 4 anatsala 2. Chondiwawa nchoti sindinaonepo ndewu yeniyeni olo tsiku limodzi, ndinkangowerenga mmawa nkupeza kuti wina wasowa, mtembo osauona chifukwa tinkhanu ndi nyongolotsi za m'miyala zimakhala zamaliza usiku omwewo. Nde ndikamva munthu akuti izi ndi nsomba zofatsa, zosavuta, olo woyamba kumene akhoza kusunga, ndimavomera theka chabe. Kufatsa ndi zoona, sadya makorali, sazunza nsomba zamitundu ina, koma pakati pawo okha pamakhala nkhondo yachinunu, ndipo kuti gulu likhalitse pamafunika zinthu zingapo zomwe wogulitsa nthawi zambiri sakuuzani.

Tiyambe ndi kusankha, chifukwa ambiri amalakwitsa pomwepa. Dzina loti damselfish limaphimba mitundu mazanamazana ya banja la Pomacentridae, momwenso muli ma clownfish, ndipo ambiri mwa iwo ndi ambanda. Kansomba kakuda ka madontho oyera atatu, Dascyllus trimaculatus, kakakhala kakang'ono kamaoneka kokongola kwambiri koma kakakula kamaluma ngakhale dzanja lanu mukamatsuka galasi. Ka mizere yoyera ndi yakuda, Dascyllus aruanus, chimodzimodzi. Chrysiptera cyanea anthu anachita kuitcha blue devil, ndipo dzinalo silinabwere pachabe. Zimenezi zimagwira malo, mwala wake ndi wake basi, ndipo mukaiponya m'thanki yodzaza miyala kuti muichotse mudzachita kugumula thanki yonse.

Amene tikunena pano ndi a mtundu wa Chromis. Wodziwika kwambiri ndi Chromis viridis, wobiriwira mosakanikira ndi buluu, mtundu wake umasintha malinga ndi momwe kuwala kukumumenyera. Amapezeka kuyambira ku Red Sea mpaka kunyanja ya Pacific, amakula kufika masentimita 8 mpaka 10, ndipo kunyanja amakhala m'magulu akuluakulu pamwamba pa makorali anthambi a Acropora, akudya tizilombo tating'onoting'ono toyandama. Chilombo chikadutsa, gulu lonse limangoti phwii kulowa munthambi. Ali ndi mnzake wofanana naye kwambiri, Chromis atripectoralis, yemwe mumamuzindikira ndi kadontho kakuda pomwe pamayambira chipsepse cha pambali, amakulirapo pang'ono koma kasungidwe nkamodzi ndipo nthawi zambiri amabwera atasakanizana m'thanki ya wogulitsa. Palinso Chromis cyanea wa ku Caribbean, yemwe akatswiri anamusintha dzina kukhala Azurina cyanea, wabuluu weniweni ndi mzere wakuda pamsana ndi m'mbali mwa mchira, ameneyo ndi wamkulu, wodula, komanso wa mtima wapachala poyerekeza ndi wobiriwirayo, nde ine sindingamuike pagulu m'thanki yochepa. Chrysiptera parasema wa mchira wachikasu ndi Chrysiptera hemicyanea ndi ofatsirapo ndithu, koma sayenda pagulu, aliyense amasankha kaphanga kake. Ngati mukufuna gulu, khalani pa viridis.

Chinanso ndikuuzirenitu kuti musadzakhumudwe. Kuyenda mothinana kuja mumaona m'mavidiyo a pansi pa nyanja kumabwera chifukwa cha mantha. M'thanki mwanu mulibe chowathamangitsa, nde pakapita masabata ochepa amamasuka nkumabalalika, wina uku wina uko, amadzasonkhana nthawi yachakudya, madzulo, kapena mukawadzidzimutsa. Muthanki yaitali yokhala ndi mafunde amphamvu amakhalabe pafupipafupi onse atayang'ana komwe madzi akuchokera, ndipo nzokongola ndithu, koma si mpira wothinana ayi.

Thanki ndi madzi

Mabuku ena amati malita 115 akwanira. Kwa chromis mmodzi kapena awiri, eya. Kwa gulu la 5 mpaka 7 ine ndinganene malita 280 kupita mmwamba, ndipo chofunika kuposa malita ndi kutalika kwake, masentimita 120 bola, kuti wothamangitsidwa akhale ndi kothawira mpaka wothamangitsayo atope nkubwerera. Thanki yanga yoyamba ija inali yayifupi yaitali mmwamba, wofooka amathawira pakona nkupezeka kuti wamkulu wafika kale.

Madzi ndi omwewo a thanki iliyonse ya makorali. Kutentha madigiri 24 mpaka 26, mchere 1.025 kapena 1.026 pa refractometer (kachipangizo koyezera mchere m'madzi), pH 8.1 mpaka 8.4, amoniya ndi naitiraiti (poizoni wochokera ku ndowe za nsomba) ziro, naitireti (zotsalira mabakiteriya akamaliza kuphwanya poizoniyo) yochepa, kuma 5 mpaka 10 ppm ndi bho kwa makorali ambiri. Za makorali enieniwo musaiwale alkalinity (mphamvu ya madzi yoteteza pH kuti isagwe) pakati pa 7 ndi 11 dKH, kashiamu 400 mpaka 450 ppm, magineziamu kuma 1300. Gwiritsani madzi osefedwa ndi RO/DI (makina ochotsa zonse zosungunuka m'madzi) ndi mchere wogula wopangidwira mathanki a nyanja, osati wakukhitchini chonde. Madzi akauluka ndi kutentha muzithira madzi opanda mchere, poti mchere suuluka umatsala momwemo, ndipo amene amathira amchere pobwezeretsa amadzazindikira mochedwa thanki itawawa kale. Kusintha madzi 10 peresenti sabata iliyonse kumakwanira kwa ambiri.

Kale anthu ankagwiritsa ma damselfish poyambitsa thanki yatsopano, kuti ndowe zawo zidyetse mabakiteriya ofunika omwe amaphwanya amoniya, eti poti ndi nsomba zolimba. Musatero. Amoniya amaotcha nsomba mkati momwe imapumira olo itapanda kufa, ndipo ma chromis si olimba ngati achibale awo aukali aja. Yambitsani thanki popanda nsomba, ndi amoniya wa m'botolo kapena kachakudya pang'ono kowola, muziyeza mpaka amoniya ndi naitiraiti zitakwera nkutsika kufika ziro, zimatenga masabata 4 mpaka 6.

Pogona

Apa ndi pomwe ndinaphunzira zambiri pongokhala pampando nkumayang'ana. Magetsi a thanki akayamba kuzima madzulo, ma chromis amasiya kudya nkuyamba kuzungulira miyala, ndipo aliyense amafuna kampata kake kolowamo thupi lonse. Wamkulu amasankha poyamba. Wachiwiri amatenga kotsatira. Akalowa mtundu wawo umazilala, amakhala ngati otuwa, osasuntha mpaka mmawa. Tsiku lina ndinaunika ndi tochi yofiira cha m'ma 10 usiku ndikupeza wamng'ono kwambiri ali pamwamba penipeni kuseri kwa pampu, atatsamira galasi, mchira wong'ambika pang'ono, akupuma mwawefuwefu. Analibe pogona. Mipata inalipo koma iliyonse yomwe amayesa wina amamutulutsa. Patatha masiku 3 sindinamuonenso, ndipo wotsatira pamzere ndi amene anakhala wamng'ono watsopano, nkhani nkuyambiranso. Umu ndi momwe 7 amasandukira 2.

Nde pomanga miyala musaunjike khoma limodzi lalitali kumbuyo. Pangani milu iwiri kapena itatu yotalikirana, yamabowo ambiri ang'onoang'ono, mipata ichuluke kuposa nsomba kawiri kapena katatu, ndipo ina ikhale yoti amene ali mkati sakuonana ndi mnzake. Ngati muli ndi makorali anthambi okula kale, Acropora, Pocillopora, Seriatopora, olo Montipora digitata yemwe savuta kwambiri, mwapambana, chifukwa ndiyo nyumba yawo yeniyeni ndipo amalowamo mosachita kuphunzitsidwa. Ngati makorali anu akadali tizidutswa, miyala yanthambi yochita kupanga imagwira ntchito yomweyo. Pamwamba pa miyala siyani malo otakasuka osambira, ikani pampu ya mafunde yoomba motsata kutalika kwa thanki. Ndipo vindikirani pamwamba ndi kaukonde, nsomba yothamangitsidwa usiku imadumpha.

Pogula, ndi nkhani ya uronema

Ma chromis pafupifupi onse ogulitsidwa amagwidwa kunyanja, amayenda ulendo wautali atapanikizana, ndipo poti ndi otchipa poyerekeza ndi nsomba zina sasamalidwa kwenikweni panjira. Nde musagule tsiku lomwe afika. Funsani kuti akhala masiku angati, sabata imodzi kapena awiri bola, ndipo pemphani wogulitsa awadyetse inu mukuona. Chromis wathanzi amalimbirana chakudya ngati sanadyepo. Amene wangoima pakona, mimba yolowa mkati, msana wowonda kuseri kwa mutu, musiyeni. Yang'anani m'mbali mwa thupi bwinobwino, mukaona banga lofiira ngati wakhulidwa, kapena mamba otukuka pamalo amodzi, musagule olo mmodzi muthanki imeneyo, ngakhale enawo akuoneka bwino chotani.

Banga lofiiralo kawirikawiri ndi Uronema marinum, kachilombo kosaoneka ndi maso komwe kamakonda ma chromis kuposa nsomba zambiri. Kamadya mnofu kuchokera pakhungu kulowa mkati, ndipo bala likaonekera nsomba imatha kufa m'masiku 2 okha. Choipa chake nchoti sikafuna nsomba kuti kakhale ndi moyo, kamadya mabakiteriya ndi zinyalala za m'thanki. Matenda ena monga madontho oyera a Cryptocaryon irritans kapena velvet mukhoza kuwathetsa pochotsa nsomba zonse nkusiya thanki yopanda nsomba kwa masabata angapo kuti tizilombo tife ndi njala, koma uronema kakalowa muthanki yaikulu kalowa basi, mumangokhala nako. Nchifukwa chake kwa ma chromis kwarantini, kusunga nsomba zatsopano muthanki yapadera zisanalowe mu yaikulu, si yongofuna, ine ndimaiona ngati lamulo.

Thanki ya kwarantini isakhale yapamwamba. Malita 60 mpaka 80, hita, fyuluta ya siponji yomwe yakhala kale m'madzi okhwima, tizidutswa ta mapaipi a pulasitiki tambiri tobisalamo, pansi popanda mchenga. Asungeni masabata 4 mukuwayang'ana tsiku lililonse komanso mukuyeza amoniya, poti muthanki yaing'ono amakwera msanga. Ambiri amasakaniza mankhwala otchedwa metronidazole m'chakudya pofuna kuthana ndi uronema wa mkati, ena amasambitsa nsomba m'mankhwala ena otchedwa formalin zikangofika, koma formalin ndi poizoni kwa inu nomwe, pamafunika magolovesi, mpweya wokwanira m'chipinda ndi m'madzimo, kutsata muyezo wa pabotolo ndendende, ndipo nsomba yomwe ili kale ndi bala lotseguka siipirira. Kopa (mankhwala a copper) amathandiza pa madontho oyera ndi velvet koma musamudalire pa uronema, ndipo asayandikire thanki ya makorali chifukwa amapha makorali, nkhono ndi shirimpu zonse. Wina akatuluka banga lofiira mu kwarantini mchotseni nthawi yomweyo. Neti, ndowa, payipi za kwarantini zisakhudze thanki yaikulu.

Za nambala, pali chikhulupiriro choti mugule nambala yosagawika pawiri, 5, 7, 9. Nsomba sizidziwa masamu anzanga. Chomwe chimagwira ntchito nchoti akhale ochuluka mokwanira kuti ukali wa wamkulu ugawikane, asamangolunjika mmodzi. Atatu ndi nambala yoipitsitsa, awiri amagwirizana nkumaliza wachitatuyo. Yambani ndi 6 kapena 7 ngati thanki ikulola, onse ofanana msinkhu, ang'onoang'ono a masentimita 3 kapena 4, ndipo alowe tsiku limodzi. Kuwonjezera mmodzi kapena awiri atsopano pagulu lokhazikika kale ndi kungowapereka nsembe.

Powalowetsa yezani mchere wa m'thumba kaye, ogulitsa ambiri amasunga nsomba m'madzi a mchere wochepa, ndipo kukweza mchere mwadzidzidzi kumazunza nsomba kuposa kuutsitsa. Ubwino wa kwarantini ndi umenewu, mumayamba ndi mchere wofanana ndi wa m'thumba nkumakweza pang'onopang'ono kwa masiku angapo. Tsiku lowasamutsira kuthanki yaikulu zimitsani magetsi, dyetsani eni nyumba kaye, madzi a kwarantini asalowe nawo.

Chakudya, pomwe pagona nkhani

Ngati mungakumbuke chinthu chimodzi chokha chikhale ichi. Kunyanja chromis amadya tsiku lonse, kachidutswa apa kachidutswa apo, mimba yake ndi yaing'ono ndipo samasiya kusambira. Ife timabwera nkumuponyera chakudya kamodzi madzulo pochoka kuntchito, poopa kuti zinyalala za m'madzi monga naitireti ndi fosifeti zingakwere makorali nkuderako. Chotsatira, akuluakulu awiri amadya zambiri, wamng'ono amapeza nyenyeswa, amawonda, akawonda amalephera kulimbirana pogona, ndipo nsomba yanjala imakhala yaukali. Gulu langa lachiwiri kusiyana kwake kwakukulu kunali kumeneku, ndinayamba kudyetsa katatu mpaka kanayi patsiku, pang'onopang'ono, zomwe amaliza mu mphindi imodzi.

Mmawa ndi madzulo ndimapereka tizilombo ta m'madzi tonga tishirimpu toumitsidwa mufiriji, mysis yodulidwa, Calanus, nthawi zina brine shrimp koma yokhayo ilibe thanzi lokwanira nde isakhale chakudya chenicheni. Ndimasungunula mu kakapu ka madzi a m'thanki nkuthira kutsogolo kwa pampu ya mafunde kuti zibalalike thanki yonse. Izi nzofunika, chakudya chikagwera malo amodzi wamkulu amaima pomwepo nkumalondera, koma chikabalalika sangalondere ponseponse ndipo wamng'ono amadya kumapeto kwinako mwamtendere. Masana kamakina kodyetsa kokha kamagwetsa timapeleti ting'onoting'ono kawiri. Kamakinako muyambe mwakayesa papepala masiku angapo musanakaike, tina timataya zambiri nthawi imodzi.

Inde kudyetsa chonchi kumadetsa madzi. Yankho si kumana nsomba chakudya, ndi kukhala ndi sikima (makina ochotsa litsiro m'madzi kudzera mu thovu) yogwira bwino ntchito, kuchapa kapena kusintha thonje la fyuluta pakapita masiku 3, kusintha madzi mosadumphitsa, ndipo ngati muli ndi sampu (kathanki kapansi komwe madzi amadutsa posefedwa) kulimamo ndere za Chaetomorpha zomwe zimayamwa naitireti ndi fosifeti. Komanso makorali ambiri amasangalala ndi ndowe za nsomba kuposa madzi oyera mbee opanda kalikonse, anthambi aja mitundu imakhala bwino nsomba zikamagona mkati mwake.

Okhala nawo

Apa sipovuta. Ma clownfish ofatsa monga ocellaris, ma goby, ma blenny, royal gramma, firefish, ma wrasse ang'ono ofatsa, ma tang ngati thanki ndi yaikulu, onsewa bwinobwino. Ndaona kuti pakakhala nsomba yokulirapo yoyendayenda ngati tang, ma chromis amakhala pafupipafupi kuposa akakhala okha, ndipo ma goby amanyazi amatuluka kwambiri akaona gulu likusambira poyera, ngati amati kunja kuli bata. Pewani chilichonse cha kamwa lalikulu, lionfish, grouper, ma hawkfish akuluakulu, chifukwa chromis wamng'ono ndi chakudya chawo chachibadwa. Ma dottyback aukali, maroon clownfish ndi ma damselfish ogwira malo aja nawonso ayi. Shirimpu, nkhono, ma clam, makorali ofewa ndi olimba, sawakhudza.

Mukaona wina akuzunzidwa

Muziwerenga tsiku lililonse nthawi yachakudya, ndipo musamangowerenga, onani amene sakubwera kutsogolo. Zizindikiro zimayamba msanga, mtundu wakuda kapena wotuwa masana, mchira wong'ambika, kuima pakona yapamwamba, kubwera pachakudya nkuthawa asanatole kanthu. Choyamba onjezerani kadyetsedwe ndi kubalalitsa chakudya. Chachiwiri sunthani miyala ingapo kapena onjezerani yanthambi kuti malo ogona agawidwenso. Zikakanika, ambiri amachotsa wozunzidwayo, koma mukatero wotsatira ndiye amalowa m'malo mwake, nde bola kugwira wovutitsayo nkumuika mu kabokosi koonekera mkati mwa thanki momwemo kwa sabata imodzi kapena iwiri, enawo akhazikike popanda iye. Kumugwira ndi neti muthanki ya makorali musayese, muthyola nthambi zomwe mwazilera chaka chathunthu. Msampha wa pulasitiki wokhala ndi chakudya mkati umagwira, ndipo mwamwayi wolimba mtima ndi amene amalowa poyamba. Nthawi zina akabwerera amayambiranso, pamenepo mpatseni mnzanu wa thanki ina.

Pali nthawi inanso yomwe ukali umabwera mwadzidzidzi pagulu lomwe linali bwinobwino kwa chaka, ndipo mukhoza kudabwa kuti chalakwika nchiyani. Yang'anani wamkulu uja. Ngati mtundu wake wasanduka wachikasu motuwira, akutsuka kamalo pamwala kapena pagalasi ndi kamwa, akunjenjemera nkumakwera ndi kutsika pamaso pa enawo, ndi wamwamuna akukonza chisa. Akazi amaikira timazira tating'onoting'ono tomatirira pamalopo, iye nkumatilondera ndi kutikupiza ndi zipsepse, aliyense woyandikira amathamangitsidwa olo tang wamkulu kumuposa kasanu. Mazira amaswa pakatha masiku 2 kapena 3, usiku, ndipo tiana timathera mu fyuluta ndi m'kamwa mwa makorali, kutilera kumafuna thanki yapadera ndi chakudya chamoyo chochepetsetsa kwambiri moti osunga kunyumba ambiri sayesa nkomwe. Masiku amenewo musasunthe kalikonse, ingothirani chakudya kumbali yakutali ndi chisacho kuti enawo adye osadutsa pakhomo pake, mazira akaswa amabwerera pagulu ngati palibe chinachitika, mpaka ulendo wina.